Switchi Yaikulu

"Ndiye mukuti chingwecho simunachione?"

"Ndati ndinachiona. Koma ine sindizimitsa chingwe, ndimazimitsa shopu."

"Shopu ndi galimoto zili pa waya mmodzi, Bambo!"

"Zimenezo ukamfunse wamawaya wakoyo. Switchi imeneyi ndakhala ndikuizimitsa madzulo alionse kuyambira usanamere mano."

Nyundo anamenya chitseko cha pikapu ndi chikhatho mpaka dzanja linachita dzanzi. Dzina limenelo anampatsa ali kamtsikana kakang'ono, chifukwa anzake akamagona ndi zidole iye ankagona atakumbatira nyundo ya bambo ake. Tsopano anali mmisiri wowotcherera zitsulo mu shopu yomweyo, ndipo m'mawa umenewu ankafuna kuswa chinachake.

Pikapu ya magetsi inali pakhomo, yoyera mbee, chingwe chili chizikidwire m'nthiti mwake. Masabata atatu onse amene anakhala nayo ankaitchaja masana iwo akugwira ntchito. Dzulo lokha ndi pamene anabwera nayo dzuwa litapendeka, batire itatsika, nkuisiya kuti idzaze mpaka kucha. Koma bambo ake poweruka anachita zomwe amachita masiku onse: kugwetsa switchi yaikulu, kugogoda bokosi kawiri ndi chala, kukhoma loko, kiyi m'thumba la malaya. Anayamba kutero chaka chomwe makina owotcherera anatsala oyaka nkutentha denga, ndipo chipsera cha tsikulo chinali chikadali pamkono wawo, chonyezimira ngati phula.

Batire inali pa 38. Kumbuyo kwa pikapu kunali geti lalikulu la zitseko ziwiri, matumba atatu a simenti ndi makina. Sukulu ya mkaka yomwe ankakaikako getilo inali pa makilomita 60, kumtunda, ndipo mwini wake anali atanenetsa kuti ana akutsegulira mawa, msewu wadutsa pakhomo penipeni.

"Chifuwa sakanatichita zimenezi," anatero bambo ake.

Chifuwa inali pikapu yakale ya dizilo, yomwe inkatsokomola katatu isanalire. Nyundo ndi amene anawakakamiza kuigulitsa. Anavomera, koma ndi mawu akuti: yatsopanoyi ikangotichititsa manyazi pamaso pa kasitomala kamodzi kokha, tigulitsa. Iye naye anayankha kuti tsiku logulitsalo adzanyamula chigoba chake chowotcherera nkukafuna ntchito ku fakitale. Palibe anabweza mawu ake.

"Ndimuimbire mnzanga atibwereke yake ya dizilo," anatero bambo ake.

"Kwerani, Bambo."

"Tikafa m'njira?"

"Ndati kwerani."

Anakwera akung'ung'udza, chipewa pa bondo. Pikapu inanyamuka mwakachetechete ngati mphaka. Nthawi zina Nyundo ankaikonda mphindi imeneyi kuposa chilichonse: tayala likunong'ona ndi msewu, mphepo ikulowa pawindo, iye nkumadziona akuyenda kutali kumene sanafikeko, wamawaya uja, chibwenzi chake, ali pambalipa, amene manja ake amanunkha tepi ya mawaya. Lero pambalipa panali bambo ake.

"Galimoto yanji yosapereka moni? Chifuwa ankati akamakhota pa kona, amayi ako atereka kale madzi osamba. Iyi imangofika ngati wakuba."

"Amayi ankatereka madzi chifukwa munkafika mukununkha dizilo mpaka m'makutu."

"Fungo la ntchito limenelo."

"Loweruka lililonse munali pansi pa Chifuwa, miyendo yokha ikuoneka. Ine nkhope yanu ndinaidziwa ndili ndi zaka khumi."

"Koma ndinkamukonza! Ndi supana ndi waya wa mpanda ndinkamudzutsa. Iyi ukatsegula boneti upeza chiyani? Bokosi. Bokosi lopanda kanthu, loikamo zikwama ngati la mkwatibwi."

Atayenda makilomita khumi anafika pa filingi siteshoni yokhayo yomwe inali ndi potchajira magalimoto. Nyundo anachotsa phazi pang'ono. Theka la ola pamenepo likanathetsa nkhawa zonse. Bambo ake anaona phazilo.

"Tiime? Ndimayesa mbalame yakoyi siitopa. Ima mwanangu, tiyamwitse khanda, kasitomala adikire."

Nyundo anaponda. Potchajira panadutsa ngati mtengo wa m'mbali mwa msewu, ndipo anadziwa pomwepo kuti wachita zopusa, koma khosi lake linakana kucheuka.

Pa chikweza choyamba pikapu inakwera ngati sinanyamule kanthu, nkupitirira lole yomwe inkafuka utsi wakuda. Apa Chifuwa ankakwera pa giya wani, bambo ake akumusisita pa chiwongolero nkumamunyengerera ngati wodwala. Nyundo anawayang'ana m'mbali mwa diso. Iwo sanayang'ane lole. Maso awo anali pa nambala ya batire, ndipo ankaiwerenga mokweza.

"Sate-wani. Sate. Eee, ikudya ngati mlendo. Twente-naini."

"Ndi geti lanuli. Ndinati tigwiritse ntchito mapaipi opepuka."

"Geti la ana? Lopepuka? Ndiye galimoto iziuza mmisiri chitsulo choti agule?"

Anafika ku sukulu batire ili pa 17. Mwini sukulu, mayi wamfupi wa magalasi, anatuluka ali ndi burashi ya penti m'manja nkuwalonjera ndi chisangalalo chomwe chinangowonjezera mkwiyo wa Nyundo. Anatsitsa geti, kuliimika pakati pa zipilala ziwiri, kulikankha. Linakana. Anatembenuza, kukankhanso. Linakana.

Bambo ake anatulutsa tepi, kuyeza, nkugwira pakamwa.

"Mayi, zipilalazi munapakanso pulasitala titayeza kale?"

"Womanga anati zioneke bwino."

"Zaoneka bwinodi. Zadya zala ziwiri."

Panafunika kudula mbali imodzi ya felemu nkuwotchereranso, ndi mahinjesi omwe. Koma sukuluyo inali isanalumikizidwe magetsi. Mawaya ankangolendewera pakhoma. Jenereta anaisiya ku shopu, chifukwa Nyundo anali atanena kuyambira tsiku loyamba kuti masiku onyamula jenereta anatha.

"Tibwerera nalo, Mayi," anatero bambo ake, mawu atatsika, chipewa m'manja. "Mutikhululukire. Mawa m'mawa…"

"Mawa m'mawa ana afika, abambo! Ana makumi anayi, ndi malole awa?"

Manyazi aja anali atafika, ataima pakati pawo. Nyundo anapita kumbuyo kwa pikapu, kutsegula kachitseko ka m'mbali, nkuzika pulagi ya makina odulira mu soketi. Makinawo analira. Mwini sukulu anadumpha.

"Magetsi akuchokera kuti?"

"M'khanda lathuli," anatero Nyundo, akuyang'ana bambo ake. "Mugwira, kapena muonerera?"

Anagwira. Pa ntchito sankakangana; manja awo ankadziwana kuposa pakamwa. Iye kudula, iwo kulinga, iye kutsitsa chigoba nkuyatsa moto wa buluu, iwo kugogoda zotsalira ndi nyundo. Panalibe jenereta yogonthetsa m'kutu, moti ankamva mbalame m'mitengo ya kuseri kwa kalasi, komanso bambo ake akupuma. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane geti linali litaima. Mwini sukulu analitsegula nkulitseka katatu, nkuomba m'manja ngati mwana.

"Galimoto yanzeru bwanji! Mwana wanuyu ndi dalitso."

"Ee," anatero bambo ake, nkukwera.

Batire inali pa 12. Kukafika potchajira paja panali makilomita 50.

Nyundo anazimitsa zoziziritsa, anazimitsa wailesi, nkumayendetsa ngati wanyamula mazira. Thukuta linkatsika m'khosi. Njinga yamoto inawapitirira, wokwerapo nkuwaimikira dzanja kufunsa ngati kwagwanji.

"Ikazima tikankha?" anafunsa bambo ake.

"Siilira ndi kukankha."

"Nanga tikatenge magetsi m'chigubu?"

"Bambo, chonde."

"Ndikungofunsa. Chifuwa ukamuthira malita awiri ankakuthokoza. Iyi ngakhale uigwadire."

Potsika chikweza chachikulu chija nambala inachoka pa 8 nkufika pa 9. Bambo ake anawerama, kupukuta galasi ndi chala chachikulu.

"Yanama."

"Siinaname. Ikamatsika imadzitchaja."

Bambo ake anatsamira pampando. Nyundo akanasangalala, koma msewu unali utayambanso kuwongoka ndipo nambala inayamba kugwa ngati masamba. Pa 5 galimoto inayamba kulira kabelu. Pa 3 inakana kuthamanga ngakhale aponde bwanji. Analowa pa filingi siteshoni ili pa 2, akuyenda liwiro la maliro, nkupeza potchajira pali galimoto ina, mwini wake akudya chipisi mosafulumira.

Anadikira ameneyo. Kenako anazika chingwe nkuyamba kudikira yawo. Malole ankalowa, kumwa dizilo, nkutuluka iwo ali pompo, atakhala pa chitseko chakumbuyo cha pikapu, dzuwa likuwaphika.

"Waona?" anatero bambo ake. "Tsiku lonse lapita. Mawindo tikupangira dokotala aja bwenzi titawamaliza. Sindikuti ndi yoipa. Moto uja ndauona, chikweza ndachiona. Koma galimoto ya ntchito siuza mmisiri nthawi yogwira ntchito. Tigulitse ikadali yatsopano."

Nyundo anatsika. Anaima patsogolo pawo.

"Yatichititsa manyazi?"

"Inatsala pang'ono."

"Ndafunsa kuti yatichititsa manyazi? Amene anavula chipewa nkumati tibwerera nalo ndani? Galimoto?"

"Iwe, ukulankhula ndi bambo ako."

"Ndikudziwa amene ndikulankhula naye! Ndikulankhula ndi munthu amene anaona chingwe chili m'galimoto nkugwetsa switchi. Wamawaya uja anakupemphani kuti aike tchaja pa waya wakewake. Munamuyankha chiyani? Munati bokosi langa sagwira mlendo. Mlendo! Munthu wabwera pakhomo panu zaka ziwiri, wakukonzerani makina kawiri, dzina lake mumalidziwa koma mumachita ngati likuwotchani lilime."

Wothira mafuta anasiya kupukuta galasi la minibasi nkutchera khutu. Nyundo sanasamale.

"Inenso ndinalakwa, ndinadutsa pano m'mawa chifukwa cha mwano wanu ndi liuma langa. Zimenezo ndavomera. Inuyo muvomera chiyani?"

Bambo ake anayang'ana chipsera cha pamkono wawo.

"Dzanja linangopita lokha," anatero. "Chingwe ndinachiona, mutu unadziwa, koma dzanja linapita. Ukanaona denga lija likugwa, iwe uli kumbuyo kwa amayi ako ukulira…"

"Ndamva nkhani ya denga kambirimbiri."

"Ndiye umve iyi. Mu shopu muja zonse watenga. Makasitomala amafunsa iwe. Miyeso umawerengera pa foni. Chifuwa unamuchotsa, jenereta waikhazika pakona. Ine ndikatsegula boneti ndilibe pogwira. Chatsala ndi kiyi ameneyu." Anagwira thumba la malaya. "Ndiye ukufuna chiyaninso? Nena. Chaka chonse ukungomenya zitseko. Galimoto ndakugulira, fakitale ukundiopseza nayo. Ukufuna chiyani kwenikweni, mwana iwe?"

Nyundo anamva mawu akukwera kuchokera m'mimba, otentha ngati chitsulo chongowotcherera kumene. Anali atawakonza kambirimbiri pansi pa chigoba, pomwe palibe amaona nkhope yake, ndipo onse ankamveka bwino kuposa mmene anatulukira.

"Fakitale sindikuifuna. Sindinaifunepo. Ndikufuna kukalamba mu shopu mwanu muja, ndikununkha chitsulo ngati inu. Galimoto iyi sitigulitsa. Wamawaya uja abwera Loweruka ndi amalume ake kudzandifunsira ukwati, ndipo mudzamutchula dzina lake, kenako mudzamutsegulira bokosi lanulo aike waya wa galimoto payekha. Switchi muzizimitsabe, muzigogoda kawiri, sindikukulandani. Koma ndikufuna kiyi wanga, Bambo. Mukadulitse wachiwiri, mundipatse m'manja ndi dzanja lanulo, anthu akuona."