Msewu Wokhota Pakhomo pa Atelala

Atelala ankati iwo ndiwo anayamba kumanga m'dera lino, kukadali thengo lokhalokha. Ankauza aliyense wobwera kudzasoketsa, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa, mpaka munthu ankaiwala kuti wabwerera zipi. Nkhaniyo inkanenepa chaka ndi chaka. Njoka imene anapha pokumba maziko inayamba ngati lamba, koma pofika chaka chatha inali itatalika ngati paipi ya madzi.

Ndiye khonsolo ya mzinda inalamula kuti misewu yonse ikhale ndi mayina, ndipo komiti ya m'dera inagwirizana kuti msewu waukulu utchedwe dzina la munthu woyamba kukhazikika kuno. Atelala anasita jekete tsiku lomwelo. Vuto linali Anamwino, mayi wopuma pantchito wa kuseri kwa mpope, amene nawonso ankati anafika poyamba, ndipo pa mkangano sankadziwa kugonja.

"Tisatherane mawu," anatero Apampando. "Alembi apite kukhonsolo akaone mafayilo akale."

Mlembi wa komitiyo anali mkamwini wa Atelala, munthu waulemu wopitirira muyeso. Anabwerako Lachinayi masana, n'kulowa m'shopu akupukuta thukuta, n'kukhala pa kampando ka makasitomala.

"Bambo, ndaipeza. Nyumba yanu ndiyo yoyamba m'fayilo. Anamwino anabwera patapita miyezi isanu ndi itatu."

"Sindinanene ine?" Atelala anaimitsa makina. "Bweretsani pepalalo tiliike m'fulemu!"

"Muyambe mwaliwerenga, bambo."

Linali pepala lachikasu, lodyeka m'mbali, koma chidindo chikuoneka bwinobwino. Linali chenjezo: nyumbayi yamangidwa pamalo podutsa msewu, igwetsedwe pasanathe masabata atatu. Apa m'pamene Atelala anakumbukira. Kalata yotere inabweradi kalekale, iwo n'kuipinda kanayi n'kuchirikizira mwendo wa makina umene unkagwedera. Akukhonsolo sanaonekenso, ndipo olambula msewu atafika anangoukhotetsa kulambalala khonde. Zaka makumi anayi Atelala akhala akuuza anthu kuti msewuwo unakhota chifukwa cha ulemu.

"Zakale izi, akamwini. Angazikumbuke ndani?"

"Kukhonsolo kuja pepala silifa, bambo, limangogona. Kuti dzina lanu livomerezedwe, fayiloyi iyenera kudutsa padesiki ya injiniya. Ndiye injiniya wake ndi watsopano, wokonda mizere yowongoka. Kalaliki wandinong'oneza kuti injiniyayo akangoiona, thalakitala ifika penti ya pachikwangwani cha msewu isanaume."

Atelala anachita mantha, mantha enieni. Anayang'ana khoma lopendekeka limene anamanga ndi manja awo, chitseko cholowera kuchipinda kumene kunakulira ana awo onse, zenera limene limawapatsa kuwala kolowetsera ulusi pasingano. Kwina kopita kunalibe.

"Mwauzako ndani?"

"Palibe. Ngakhale mwana wanu kunyumba sindinamuuze."

Loweruka anthu anasonkhana m'kalasi ya pasukulu, akuluakulu atapanikizika m'madesiki a ana. Apampando ataitanitsa lipoti, Mlembi anayamba ndi kutsokomola, koma Atelala anaimirira msanga.

"Apampando, musawavutitse Alembi. Ine ndikufuna kuyeretsa mtima. Pamene ndinkafika kuno ndinapeza Anamwino atayanika kale zovala pachingwe. Oyamba ndi iwowa."

Tinene mosabisa, Atelala ananamapo mabodza ambiri pamoyo wawo, ndipo onse ankatuluka mosavuta. Ili lokha linatuluka movutikira, chifukwa pa zonse zimene ankadzitama nazo, chinthu chimodzi chokha choona ndi chimene anali atangochitaya. Anakhala pansi n'kudikira. Ankayembekezera kuti wina adzuka n'kunena kuti ayi bambo, musadzichepetse. Mwina phokoso, mwina mkangano, ngakhale ka "aa!" kamodzi kokha.

Koma ayi ndithu. Abutchala anangogwedeza mutu. Aphunzitsi anapitiriza kusongola pensulo. Anamwino anakonza mpango wawo n'kunena mokoma mtima kuti, "Zikomo achimwene, ukalamba ukukuthandizani."

"Tonse tinkadziwa kale," anatero Apampando, "timangodikira kuti munene nokha. Anthuni, tiwaombere m'manja Atelala chifukwa lero alankhula zoona."

Anthu anaomba nthawi yaitali, ena mpaka kuimirira. Mkamwini anaweramitsa mutu, fayilo ataikhalira. Kumbuyo uko mwana wamkazi wa Atelala ankaomba kuposa onse, misozi ili m'maso, akunyadira bambo ake.