Khadi imene ndinasiyira Neide

Mukafika pa Insaca, kuno ku Mozambique, n'kufunsa za Vitorino, aliyense akulozerani baraka yobiriwira, golosale yaing'ono imene yayang'anana ndi sukulu. Ndi yanga imeneyo. Ndinabwerako kothawira nkhondo ku Malawi mu 1994, ndili mnyamata, nditasenza njinga ya gudumu limodzi chifukwa linalo tinasinthanitsa ndi ufa pa Nayuchi. Lero mzinda wa Nampula ndimaudziwa ngati khonde langa. Ku Dar es Salaam ndagonako, ku Joni ndadyerako Khirisimasi kawiri. Magetsi a dzuwa oyamba pamsewu wathu ndinaika ndine, ndipo anthu ankabwera kudzaona babu likuyaka dzuwa lili pamutu.

Mwana wanga Neide atalowa kalasi lomaliza, loti akalemba mayeso ake ndiye kuti sekondale wamaliza, ndinamugulira foni ku Nampula. Osati kafoni ka mabatani ayi. Chifoni chagalasi, chachikulu ngati chikhatho changa. Ndinam'patsira pabaraka, Loweruka, anthu ali ambiri.

Amayi ake sanaombe nawo m'manja.

"Abambo a Neide, mwana wa sukulu ndi chinthu chimenechi?"

"Ine ndinaphunzira kulemba pamchenga kumsasa," ndinawayankha. "Wanga aphunzirire pagalasi."

Ife amene timachita malonda pamalire pa Entre Lagos timayenda ndi makhadi awiri a foni, ya kuno ndi ya ku Malawi, chifukwa ukangolowa m'kati mwa dziko la eni ya kuno imafa. Chaka chimenecho nsomba zouma za ku Amaramba zinkayenda bwino ku Liwonde ndi ku Limbe, moti masabata ambiri ndinkakhala kutsidya. Ndiye ndinachotsa khadi yanga ya kuno n'kuilowetsa m'foni ya Neide, poti inali ndi malo awiri, kuti aziyankha anthu ondifuna. Ndinadzitama nazo kuti ndili ndi mlembi. Sindinakumbukire kuti nambala imeneyo ndi yomwe ndinalembetsa kusukulu monga kholo.

Pabaraka ndinali nditaika mabenchi, malo otchajira mafoni makumi awiri, ndi kabokosi kogwira intaneti kamene ndinakaona koyamba ku Dar. Ana a sukulu ankadzaza. Ankakhala phee, mitu ili pansi, chala chokha chikuyenda. Ndikabwerako ku ulendo ndinkaima pakhomo mtima uli mbee, kuti taonani ana akuphunzira pakhonde la Vitorino. Sukulu yathu imalowa pawiri, ena m'mawa ena masana. Ndikaona yunifolomu m'mawa ndinkati awa ndi a masana. Ndikaiona masana ndinkati awa aweruka. Neide ndinkamupezanso pomwepo, pakona pafupi ndi firiji, ndipo ndinkaganiza chimodzimodzi.

Mayeso atayandikira, kusukulu anamata pakhoma pauta, chipepala cha mayina a ana ololedwa kulemba ndi osaloledwa. Ndinavala suti yanga ya ku Joni, ndinadutsa msewu, makolo anzanga akundipatsa njira. Dzina la Neide ndinalipeza msanga. Kutsogolo kwake kunalibe mamalikisi. Kunali zilembo zofiira, ndipo bambo wina amene ndinaima naye anandiuza motsitsa mawu kuti zimatanthauza kuti mwana wajomba masiku ochuluka, salemba nawo.

Ndinalowa m'chipinda cha aphunzitsi osagogoda. Amene ankayang'anira kalasi la Neide anali mayi Mastura, munthu wamng'ono thupi, wa kunyanja ku Amaramba. Anali akudya chinangwa chophika.

"Porofesora, cholakwika chachitika. Mwana wanga amadzuka m'mawa uliwonse, amavala, amachoka pakhomo."

"Amachokadi, a Vitorino. Khalani pansi."

"Ndiye bwanji simunandiitane? Ine ndine munthu wobisika pa Insaca pano?"

Anapukuta m'manja, anatulutsa kafoni kawo ka mabatani, anandipatsa.

"Ndinakulemberani kasanu. Kasanu konse munayankha."

Ndinawerenga. Pa uthenga woyamba, ine ndinayankha kuti mwana akudwala malungo. Pa wachiwiri ndinati ndili ku Malawi, ndibwera Lolemba. Pa wachinayi panalembedwa kuti, "Musade nkhawa amayi, ine ndayenda, sukulu ndaziona zambiri, mwanayo adzakhoza."

"Umenewo ndi umene unandigonetsa," anatero mayi Mastura. "Ndinati awa ndi iwowo basi, palibenso wina angayankhe chonchi."

Mphunzitsi wina amene anali pakona anatsokomola n'kutuluka.

"Ndikhoza kukuikirani magetsi a dzuwa m'makalasi onse," ndinatero. "Sabata ino."

"Mayina anapita kale kuboma. Ndipo si wanu yekha. M'kalasi mwanga muli ana makumi asanu ndi limodzi, ndipo khumi ndi anayi salemba. Bwerani muone."

Ananditengera pawindo. Kuchokera pamenepo baraka yanga inkaoneka yonse, yobiriwira bwino, mabenchi atadzaza yunifolomu.

"Ndikamaitana mayina, ena ndimawaona ali apo. Tsiku lina ndinadutsa msewu kudzawatenga. Amene amakugulitsirani anandiuza kuti abwana anati mwana wa sukulu asathamangitsidwe pano."

Mawu amenewo ndinanenadi ine, ndipo ndinawanena mokweza.

Neide ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pamtondo. Anali atamva kale. Foni inali pamiyendo pake, galasi litayang'ana pansi. Ndinabwera nditakonza mawu ambiri, koma ndinangofunsa kuti, "Chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Ndinkati ndingoona pang'ono belu lisanalire, ababa. Ndikadzutsa mutu, phunziro loyamba latha, ndiye ndinkachita manyazi kulowa. Ndinkati mawa."

"Miyezi yonseyi?"

"Ngakhale ndikalowa, sindinkamva kanthu. Dzanja linkangopita m'thumba."

"Nanga kuyankha m'dzina langa?"

"Munati ndiziyankha onse okufunani."

Sanali kundinyoza. Ananena akulira. Anatsegula foniyo ndi chikhadabo, anachotsa khadi yanga n'kundipatsa, kenako anandipatsanso foni yonseyo ndisanamuuze. Amayi ake anali chiimire pakhomo la khitchini. Anatembenuka n'kulowa m'kati.

Tsiku loyamba la mayeso baraka sindinatsegule. Ndinakhala pakhonde la nyumba, ulendo wa ku Limbe nditauleka. Anzake a Neide ankadutsa pamsewu awiriawiri, mapensulo ali m'manja, ena akuyang'ana kwina pofika pakhomo pathu. Iye anali pabwalo akupeta nandolo. Ndinali nditamufunsa kawiri ngati adzabwereze kalasi chaka chamawa, pakati pa ana ang'ono kwa iye, ndipo sanandiyankhe. Belu la sukulu litalira anasiya kupeta, lichero lili m'manja, mpaka linaleka kulira.