Chikwanje cha Lestina

Dixon anachigwira chikwanjecho chisanatsike kachitatu pa nthambi ya bulugama. Mwini wake atatembenuka, anali Lestina, mayi wamasiye amene ankapemphera naye mpingo umodzi ku Masambanjati.

Dixon anali atalondera nkhalango ya esiteti zaka zisanu ndi zinayi. Lamulo silinkavuta kumva: ukapeza wotema nkhuni, umulande chikwanje, dzina lipite kuofesi. Akakhala wothyola tiyi ngati Lestina, ntchito yathera pomwepo. Anthu khumi ndi awiri anali atawaneneza kale, n'chifukwa chake kutchalitchi benchi yake sinkadzaza. Ngakhale pamaliro ankadya yekha.

"Mundikhululukire, achemwali," anatero Dixon. "Si ine, ndi ntchito. Mthenga saphedwa."

"Ntchito ili ndi manja, achimwene? Ine ndikuona anuwa."

"Mulungu ndiye anandiika pano."

"Anaikanso mtengo pakati pa munda uja, koma sanaumangire mpanda. Ine ndatema nthambi ya eni, ndipo sindinamizira Satana. Kunyumba kulibe chophikira, ndinasankha ndekha. Nanunso sankhani nokha, musakhale Adamu woloza mnzake."

Mawuwo anamulasa Dixon. Zaka zonsezi ankapemphera mtima uli m'malo, poganiza kuti milandu yake ikasenzedwa ndi ofesi. Anayang'ana uku ndi uku, kunalibe munthu woti amuuze chochita. Anabweza chikwanjecho.

Masana kapitawo wa alonda, a Malizani, anaona bala la mtengowo likadali laliwisi.

"Wadutsa ndani apa?"

Bodza linali pafupi, lotchipa. Nkhalangoyo ndi yaikulu, mlonda alibe maso kunkhongo.

"Ndinamupeza munthu, ndinamusiya apite," anayankha Dixon.

"Dzina?"

"Sinditchula."

"Wakulodza kapena? Iwe amene unalanda chikwanje cha alamu ako enieni?"

"Sanandilodze, bwana. Ndafuna ndekha."

"Mapanga awiri avumbwitsa, Dixon. Usankhepo, dzinalo kapena majombo."

Dixon anavula majombo a kampani, n'kusiya wenzulo ndi ndodo pamwamba pake. Kenako anatsika opanda nsapato m'kanjira kodutsa m'munda wa tiyi. Othyola anali chiweramire, madengu kumsana. Lestina anali pomwepo, koma sanadzutse mutu, poti kumupatsa moni kukanakhala kudziulula. Dixon anamvetsa, komabe zinamuwawa.

Lamlungu analawirira n'kukhala pa benchi yake ija. Anthu ankafika, n'kumapanikizana kwina monga mwa masiku onse. Palibe amene ankadziwa zimene anachita, ndipo iye analibe womuuza.

Mkulu wa mpingo atati aliyense alape chamumtima, Dixon anatsinzina. Kale ankangoti, "Ambuye, mukudziwa ntchito yanga," basi wamaliza. Tsiku limenelo anayamba kutchula mayina khumi ndi awiri aja, limodzilimodzi, ndipo ofesi sanaitchulepo. Anzake ataimirira kuti aimbe, iye n'kuti ali pa dzina lachisanu.