Kapiritsi ka Pansi pa Lilime

Amake mapasa ankasita diresi la kasitomala kuseri kwa shopu pamene makina osokera anangoti zii pakati pa msoko. Atasuzumira anapeza amuna awo, atelala, atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, nkhope itatuwa ngati phulusa.

Atelala anayesa kuichepetsa nkhaniyo, amvekere ndi mpweya chabe wa m'mimba, uphwa wokha. Koma mayiwo anali atatchera khutu tsiku limene namwino wa odwala mtima ankawalangiza, pomwe bambowo ankangodandaula kuti kolala ya yunifolomu ya namwinoyo inasokedwa mokhota.

Anawakhazika pansi n'kuwatsamiritsa kukhoma, nauza wogulitsa nsapato wa khomo loyandikana kuti aimbire ambulansi. M'kabati ya mabatani anatulutsamo asipirini.

"Tafunani, bambo a mapasa. Mukameza wathunthu achedwa kugwira ntchito."

Bambowo anatafuna atachita tsinya. Kenako mayiwo anatsegula kabotolo kamene adokotala anawalembera, n'kuika kapiritsi kamodzi pansi pa lilime la amuna awo. Anawaletsa kumeza, anawaletsanso kuimirira poti kamachititsa chizungulire. Wogulitsa nsapato atathamangira ndi kapu ya madzi anamubweza nayo, nati aka kamasungunuka kokha n'kulowa m'magazi pompo.

Ambulansi itafika, mayiwo anafotokoza zonse mwadongosolo: mmene ululu unayambira, zimene anawapatsa ndi nthawi yake. Wa ambulansi anangogwedeza mutu uku akulowetsa singano mumtsempha wa pamkono.

Kuchipatala adokotala anati mtsempha wa mtima unali utayamba kutsekeka, koma mtimawo sunavulale kwambiri chifukwa thandizo linafulumira. Mmene mapasa ankafika kuchokera kuntchito, atelala anali atakhala tsonga, diripi ili pamkono, akusimbira wodi yonse.

"Mayi anuwa musawaone kufatsa," anatero. "Anandilamula ngati msilikali. Zaka zonsezi ndimayesa bwana pashopu paja ndine."

"Inu gonani, odwala salongolola," anayankha mayiwo akuwakonzera pilo, maso ali pansi.

Koma atatuluka pakhonde anaimbira foni akulu awo, nayamba kuisimba nkhaniyo kuyambira pachiyambi, osasiyako kanthu. Akulu awowo atafuna kudula kuti mphika ukupserera, anawauza kuti auphule kaye, iwo adikira.