Mapikapu a M'chitini cha Mabatani

Gitala ya magetsi ya malemu inakhala pakhoma miyezi isanu ndi iwiri, mpaka mvula inayamba kulowa m'nyumbamo ngati kwawo. Denga linali litatheratu. Mayi wa mawailesi, monga ankamutchulira anthu a mumsewumo chifukwa cha ntchito yake yokonza mawailesi ndi mafani, anatchera mabeseni atatu pabalaza, lina pansi penipeni pa gitalayo. Alamu ake, akulu awo a malemu mwamuna wake, atabwera kudzazonda n'kupunthwa pa beseni, anagamula nkhani ali chiimire.

"Gitala iyi igulitsidwe, mlamu, tigule malata. Munthu sangamavumbwe kwinaku chuma chili pakhoma."

Mayiyo sanakane. Koma alamuwo, tinene pano, anali ogulitsa mipando yakale, ndipo nzeru yawo yonse inali imodzi: chinthu chimagulika chikawala. Mukanawapatsa mbuzi kuti akakugulitsireni, akanayamba aipaka kaye polishi. Anatenga gitala ija, ndipo patapita masiku atatu anaibweza ili waliwali, ikununkha ngati kabati yatsopano. M'thumba la jekete anatulutsanso kapaketi.

"Tadzimbiri iti tichotseni, muikepo iti. Inu paja zowotcherera mumazitha."

Ankanena mapikapu, timaginito tiwiri tokulungidwa ndi waya timene timakhala pansi pa nsambo za gitala n'kumatola mawu ake kuti akamveke pa ampu, chokuzira mawu chake. Atsopanowo anali oyera mbee. Akalewo anali akuda, okalika, okhala ndi dzimbiri m'mphepete. Mayi wa mawailesi anawayang'anitsitsa akalewo.

Mapikapu amenewo anawakulunga ndi iyeyo. Zaka makumi awiri m'mbuyomo, akufakitale amene anabwera ndi gitalayo anafa kutatsala sabata imodzi kuti gulu la mwamuna wake likaimbe pa holo yaikulu. Mwamunayo anakhala pakhonde masiku awiri atagwira tsaya. Mkaziyo anadula waya wakufa uja, napeza wina wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi m'zipangizo zakale za telefoni, namangirira pikapu pa gudumu la makina ake osokera. Ankapalasa pang'onopang'ono, chala chikuwongolera waya, ndipo gudumu likazungulira ka zana ankaponya batani limodzi m'sosala kuti asasokoneze chiwerengero. Wayayo anaduka kanayi, ndipo kanayi konseko anayambiranso. Atamaliza anamanga ndi ulusi wakuda wosokera n'kuviika m'phula la kandulo.

Mwamunayo atakhudza nsambo, misozi inalengeza. Koma madzulo ake anati, "Anzanga ndiwauza kuti abwera kuchokera kunja. Akadziwa kuti ndiwe, aziti gitala yanga ndi yapamakina osokera." Ngakhale pokulungapo n'kuti atamupempha kuti azitseka chitseko. Anali munthu wabwino, wosamenya, wosagona kunja, koma pamenepa pokha analakwa. Kwa zaka makumi awiri mkaziyo ankamva anthu akutama mapikapu akunja, iye n'kumawathirira tiyi. Zinkamupweteka, ndipo sanauzepo munthu.

Tsopano anawamasula yekha ndi chitsulo chake chowotcherera, naikapo atsopano aja. Alamu ake anakankha akalewo ndi msana wa dzanja, nawagwetsera m'katoni ya zinyalala momwe munali makoko a nthochi ndi mabatire akutha. Iwo atangotuluka, mayiyo anawatola, nawapukuta ndi mpango wake, nawaika m'chitini cha mabatani.

Wogula anafika Loweruka m'mawa. Anali mkulu wamfupi, wa imvi, wogula ndi kugulitsa zida zoimbira zakale, ndipo oimba ankangowatchula kuti a Khutu, chifukwa ankati munthu ameneyu sagula ndi maso. Alamu anawalandira ndi manja awiri, nawakhazika pa mpando womwe sunali pansi pa dontho, nayamba kulalikira.

"Yakunja iyi, bambo. Onani dzina pamutupa. Mng'ono wanga ankaisamala kuposa mwana."

A Khutu anainunkhiza gitalayo, nakwinya mphuno.

"Mwaipaka polishi wa mipando."

"Pang'ono chabe."

Anaikweza, natsinzina diso limodzi, nayang'ana m'litali mwa khosi lake kuti aone ngati linapindika. Anayendetsa chala chachikulu pa timizere tachitsulo tapakhosipo, naima pomwe zala za malemu zinadya. Kenako anatulutsa sikuludiraiva, namasula masikuluwu anayi akumbuyo, nachotsa khosi, naona nambala yodindidwa m'kati mwa thabwa. Pomaliza anakanda dzina lija ndi chikhadabo, ndipo kam'mphepete kake kanatukuka.

"Dzinali ndi lomata," anatero. "Gitalayi ndi yafakitale wamba, ya zaka ngati makumi atatu. Thabwa lake ndi labwino, khosi ndi lowongoka. Si yoipa, koma si imene mukunenayo."

Alamu anaseka kaseko kouma. "Muimve kaye kulira kwake. Taikamo mapikapu atsopano, a dzana lomweli."

A Khutu anakweza mutu msanga. Anabwezera khosi lija, nalumikiza chingwe ku ampu ya malemu, nakhudza nsambo. Mawu amene anatuluka anali owonda, ngati udzudzu wotsekeredwa m'botolo. Anayesanso, natembenuza tozungulira tonse, koma ayi ndithu, udzudzu womwe uja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anaitsamiritsa pakhoma mwaulemu, natembenukira kwa mayi wa mawailesi.

"Mayi, ine amuna anu ndinawamvapo kamodzi, zaka khumi ndi zisanu zapitazo. M'holo munadzaza, ndiye ndinamvera pawindo. Gitala yawo inkalira ngati munthu wamkulu akulankhula modekha. Ndayenda ulendo wonsewu kutsata mawu amenewo, koma muno mulibe."

"Nanga mungapereke zingati?" anafunsa alamu, mawu atatsika.

A Khutu anatchula mtengo. Unali wa malata anayi, pomwe dengalo linkafuna makumi awiri ndi anayi. Anayamba kulongedza zida zawo m'chikwama.

Mayi wa mawailesi anali ataima pakhomo la kuchipinda. Ankadziwa kuti munthu amene wazindikira dzina lomata ndi chikhadabo sangapusitsidwe ndi ulusi wosokera. Akangotsegula chitini chija, bodza la malemu likhala poyera pamaso pa mkulu wawo. Mwinanso a Khutu aseka, monga malemu ankaopera. Koma iye akangokhala chete, wogulayu atuluka, ndipo ntchito ya manja ake ifera m'mabatani osadziwika ndi munthu. Anakhala chete zaka makumi awiri, ndipo anaona kuti zakwana.

"Tadikirani pang'ono, bambo."

Anabwera ndi chitinicho, nakhuthula patebulo. Mabatani anamwazika, ndipo pakati pake panagwa mapikapu awiri akuda aja.

"Mlamu, musatichititse manyazi ndi zinyalala," anatero alamu chapansipansi.

A Khutu anali atatola kale imodzi. Anaitembenuza, naiika pachikhatho ngati akuyesa kulemera kwake. Anatulutsa mita yawo yoyezera, nagunditsa timawaya tiwiri, naona muvi ukukwera n'kuima. Anakanda phula lija, nanunkhiza.

"Kandulo," anatero. "Ndipo uwu ndi ulusi wosokera. Awa si akufakitale."

"Mng'ono wanga anati anachokera kunja," anatero alamu.

"Fakitale yake iti yomanga ndi ulusi wa madiresi? Mayi, mungawabwezeremo?"

Mayiyo anakhala pa benchi yake, natenthetsa chitsulo chowotcherera. Anamasula owala aja, nawaika pambali, nalowetsa akale, nadonthetsa mtovu pa waya aliyense kamodzi kokha, osabwereza. A Khutu anaima kumbuyo kwake, maso ali pa zala zakezo. Alamu ankangoyendayenda, ndipo anapunthwanso pa beseni lomwe lija.

Atamangitsa nsambo, a Khutu anakhala pansi nakhudza imodzi yokha. Mawu anatuluka onenepa, ofunda, ndipo anachedwa kutha. Madzi a m'beseni ananjenjemera. Mkuluyo anatsinzina, naimba kanyimbo kakafupi, ndipo mayi wa mawailesi anamva ngati mwamuna wake wangolowa kumene n'kukhosomola pakhomo. Kunja, wogulitsa masamba amene ankadutsa akuitanira malonda anasiya kuitana.

A Khutu anagwira nsambo ndi chikhatho, m'nyumba n'kuti zii.

"Ndi awa," anatero. "Anawakulunga ndani?"

"Mwina ndi mmisiri wina wakunja komweko," anayamba motero alamu, "paja mng'ono wanga ankadziwana ndi anthu ambiri."

"Ndine," anatero mayi wa mawailesi.

Alamu anaseka. "Mlamu, iyi si wailesi."

Koma a Khutu sanaseke. "Munazunguliza kangati, mayi?"

"Yakukhosi mabatani makumi asanu ndi atatu, yakumunsi ndinaonjezera asanu kuti isamamizidwe ndi inzake. Batani limodzi ndi kuzungulira ka zana. Ndinkapalasa makina osokera ali apowo."

Mkuluyo anayang'ana mita yake, nayang'ana makinawo, nagwedeza mutu. Kenako anakodola alamu.

"Bwerani muone, bambo. Ili ndi dontho la mtovu limene awotcherera pompano ife tikuona. Ili ndi lakale, la pa pikapu penipeni. Onse ndi aang'ono, osalala, ndipo waya amupinda kaye ngati mbedza asanawotcherere. Ine ndatsegula magitala ochuluka, ndipo wowotcherera aliyense ali ndi dzanja lake. Ili ndi dzanja limodzi."

Alamu anawerama, nayang'anitsitsa, kukamwa kuli yasa. Anakhala pa mpando wonyowa osazindikira n'komwe.

"Tsopano mtengo," anatero a Khutu. "Thabwa ndi khosi ndanena kale, malata anayi. Ndi mapikapu awa, denga lanu lonse likwana, ndi misomali yomwe. Owala awa abwezeni komwe munawagula." Anaima kaye, akusisita khosi la gitala. "Ndingokuuzaninso, mayi. Kwanga kuli katoni ya mapikapu akufa, oposa makumi anayi. Eni ake amandivutitsa tsiku ndi tsiku, koma wowakulunga ndinamusowa. Wina anayesa, zinatuluka ngati zija tamva poyamba."

Mayi wa mawailesi anayang'ana mabeseni, nayang'ana gitala, nayang'ana makina osokera. Mtima wake unali utasefukira, moti anachita kugwira tebulo kuti asaseke mokweza ngati mtsikana.

"Ndiye kuti gitalayi siikugulitsidwa," anatero.

"Mlamu, denga," anadandaula alamu.

"Mabeseni adikira miyezi yonseyi, alamu, adikiranso masabata atatu. Bambo, mubweretse khumi Lolemba. Mtengo wa iliyonse tikambirane mutaimva kulira. Malata ndigula ndi manja angawa."

A Khutu anaseka koyamba chifikire, ndipo kunapezeka kuti mano akutsogolo analibe. "Mwandimana gitala, koma sindikudandaula. Oimba akandifunsa kuti wakulunga ndani, ndiziti chiyani?"

"Muziwauza zoona. Muwalozerenso ndi nyumba yomwe."

Atawaperekeza, mayiyo anaipukuta gitala ija ndi kansalu konyowa kuti fungo la kabati lichoke, naikoleka pa msomali wina, kutali ndi dontho. Iye sanawakwiyire malemu. Anangoyang'ana chithunzi chawo pakhomapo n'kunena chamumtima kuti, mwamva nokha, bambo, gitala yapamakina osokera ija anthu akuilondola ndi basi.

Lolemba katoni inafika. Mayiyo anakoka makina osokera mpaka pakhomo pomwe pali kuwala, naika sosala kudzanja lamanja ndi chitini cha mabatani pambali pake. Anamangirira pikapu yoyamba pa gudumu, napinda waya ngati mbedza, nayamba kupalasa. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro n'kumasuzumira. Wometa tsitsi wa tsidya la msewu anatuluka ndi sizasi m'manja kudzafunsa chomwe chikusokedwa popanda nsalu.

Alamu nawo anabwera, ati kudzaona ngati pakufunika thandizo. Anaima pambali, manja kumbuyo, akuona waya wamkuwa ukudzaza pang'onopang'ono. Wometa uja atafunsa kachiwiri, iwo ndi amene anayankha, chifuwa patsogolo.

"Ndi mlamu wanga ameneyu. Amakulunga mapikapu a magitala. Ife tinkadziwa kalekale."

Kenako kamphepo kanadutsa ndi fumbi, ndipo alamuwo, mwa chizolowezi cha munthu wa polishi, anagwira chitseko kuti atseke.

Mayi wa mawailesi sanasiye kupalasa. Anamaliza zana, naponya batani m'sosala.

"Chitsekocho chisiyeni chotsegula, alamu."