Khosi la Telala ndi Diresi la Mwana Wake

Agogo atamva makina akulira kuchipinda chosokera, anasiya mbale m'madzi n'kuthamangira komweko. Anapeza zomwe ankaopa. Mwana wawo, yemwe ndi telala, anali atavula kolala yolimba ya kuchipatala n'kuiika pampando, iye atawerama pansalu yoyera.

Sanakalipe ayi. Munthu wa zitsulo m'khosi sumudzidzimutsa, angatembenuke mwamphamvu. Anangogwira gudumu la makina mpaka linaima, kenako anatola kolala ija n'kumupatsa.

Khosi limeneli linavuta zaka zambiri. Linkapindika pang'onopang'ono mpaka chibwano chinafika pachifuwa, moti makasitomala ake ankawazindikirira kunsapato. Kumeza kunayamba kuvuta, zala zinkachita dzanzi, sizasi n'kumangopulumuka m'manja. Madokotala anati mafupa akupanikiza mitsempha, ndipo akazengereza kuchitidwa opaleshoni miyendo nayonso ifooka. Agogo anakana opaleshoniyo mpaka tsiku lomaliza, poti pakhosi m'podutsa mpweya, si polowetsa mpeni. Koma telala anapita, madokotala anamuwongola mafupawo n'kuwamanga ndi tizitsulo, ndipo anabwera mutu uli m'mwamba. Adokotala anachenjeza kuti kolala isachoke ndipo asawerame mpaka mafupa atagwirana. Tizitsulo tikangosuntha ndiye kubwereranso kumpeni, mwinanso osadzayendanso.

Tsono ukwati wa mwana wake wamkazi unali utayandikira, ndipo diresi linali lodula kale, losasoka.

“Amayi, ndaveka ana a eni ake moyo wanga wonse,” anatero telala akumanga kolala. “Wanga yemwe akavale zosoka munthu wina?”

“Ine ndinakubereka ndi khosi limodzi, lina ndilibe,” anayankha agogo.

Iye anawapempha kuti asauze mwanayo. Agogo sanalonjeze kanthu. Zobisa za odwala n'zimene zimapha anthu. Anakhala pakhomo kudikira mdzukulu wawo, ndipo atangofika kuchokera kuntchito anamuuza zonse asanavule n'komwe nsapato. Anawonjezeranso za munthu wina amene anamumva kuchipatala, woti anangoweramira ndowa basi, mpaka lero amachita kumutembenuza pabedi.

Mtsikanayo analowa, anapinda nsalu ija bwinobwino n'kunena kuti akabwereka diresi kwa mnzake. Bambo ake anati zimenezo n'kuwachititsa manyazi pamaso pa anthu onse odziwa ntchito yawo.

“Bambo, ine ndikufuna mudzandiperekeze mukuyenda ndi miyendo yanu,” anatero iye. “Diresi ndingathe kuvala ngakhale katani.”

Telala sanaseke. Madzulo amenewo agogo anachotsa singano pamakina n'kuibisa m'thumba la mtsamiro wawo. Munthu wokwiya sumukhulupirira.

Kutacha anamupeza pakhonde akuyang'ana kutsidya kwa msewu. Kumeneko kunali mayi wina wosoka, amene chitsegulireni shopu yake telala sanamupatsepo moni, ati mipendero yake imayenda ngati woledzera. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapempha amayi ake kuti akamuitane. Agogo anamuchenjeza kuti mayiyo angamuseke, angakane, mwinanso angawononge nsalu dala. Iye anati apitebe.

Mayiyo anabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Anaima pakhomo n'kumuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

“Kani ndinu aatali chonchi? Ine ndimadziwa dazi lokha.”

Telala anamufotokozera kuti asokere pomwepo, pamakina ake, ndipo msoko uliwonse aziukweza m'mwamba kuti iye auone asanapitirize, poti kuwerama sangathe. Mayiyo anati chibadwire sanayang'aniridwepo ndi kapitawo wouma khosi chonchi, komabe anakhala pampando n'kufutukula nsalu. Agogo anakatenga singano ija, ndipo anakoka kampando n'kukhala kumbuyo kwa mwana wawo, maso ali pazomangira za kolala.

Telala anapisa m'thumba n'kutulutsa sizasi yake, imene ngakhale mwana wake sankaloledwa kuikhudza. Anaigwira kanthawi, kenako anaipereka.

“Phewa lamanzere la mwana wanga n'lotsikirapo pang'ono, ngati la malemu mayi ake,” anatero. “Musaiwale pamenepo.”