Miyendo Sasiya pa Geti

Loweruka loyamba la tchuthi, dzuwa likuswa mtengo, Kawayilesi anabwezedwa pa geti la holo.

Dzina limeneli anam'patsa ndi anzake a kusekondale chifukwa pakamwa pake sipasowa nyimbo. Ndi mtsikana woti watsala pang'ono kumaliza sukulu, ndipo wakhala akuyendera njinga ya anthu aulumali kuyambira ali wamng'ono. Teremu yonse ankangolota za tchuthi chimenechi. Nyengo yotentha ikafika, masukulu n'kutsekera, oimba amabwera ku holo ya m'tauni Loweruka lililonse masana. Chaka chino kunabwera gulu lina limene muli mayi woimba gitala ya besi. Kawayilesi anali atabwereka gitala yakale kusukulu, ndipo panali nyimbo ina imene inkamukanika. Ankafuna kuona ndi maso ake mmene zala za mayiyo zimayendera.

Holo imeneyi enafe tinaisiya pansi pake pakunyezimira ngati galasi. Tinapita kutali, tinakakalambira kwa eni, pobwera tapeza wotchi ya pakhoma itaima, utoto ukusupuka, mpope wa panja utauma. Chimene chawonjezeka ndi zikwangwani. Anthu akatopa kukonza zinthu amayamba kulemba zoletsa. Koma masitepe a pakhomo ndi akale omwe aja. Masiku amenewo tinkangowadumpha, osawaona n'komwe.

"Imani kaye, madala," anatero mlonda kwa bambo ake a Kawayilesi, amene ankakankha njingayo. Analoza chikwangwani ndi ndodo yake. Panalembedwa kuti: NJINGA ZONSE ZISIYIDWE PANJA.

"Iyi si njinga imeneyo," bambo anayankha.

"Inuyo kunyumba mumaitcha chiyani?"

Bambo anakanda pamutu. "Njinga."

"Mwaweruza nokha. Mateyala ili nawo, masipoko ili nawo. Kaikeni apo pali zinzakezo, mwanayu mumunyamule. Ine sindinalembe, ndimangowerenga."

Bambo ndi munthu wometa tsitsi, wozolowera kugonjera mutu uliwonse umene wabwera. Sanatsutse. Ananjuta kutsogolo kwa njinga n'kupereka msana.

"Kwera, mwanawe. Ayamba kale kuyesa zida."

Pamzere panali anzake a m'kalasi. Ena anayamba kuyang'ana mafoni awo mwadala.

"Bambo, tiyeni kunyumba."

"Ndatseka shopu tsiku la Loweruka chifukwa cha iwe."

"Ndikudziwa. Tiyeni."

Atafika kunyumba anapeza amayi akusita zovala pakhonde. Atamva nkhaniyo, amayi anaimika simbi n'kupukusa mutu.

"Basi, uzimvera pompano. Mphepo ikalola nyimbo zimafika."

"Chimafika ndi du-du-du yekha, amayi. Kumeneko n'kudya fungo la ndiwo za aneba."

Bambo anali atakhala pa sitepe, akumasula nsapato. Mawu awo anali a munthu wopwetekedwa.

"Ndakubereka kupita kuchipatala. Ndakubereka kupita kusukulu nthawi ya matope. Lero msana wanga wayamba kununkha?"

"Msana wanu ulibe mlandu, bambo. Koma mukandikhazika pampando wa mu holo, njinga ili panja, ndikafuna kuchimbudzi ndiitane ndani? Moto utabuka ndidikire ndani? Anzanga alowa okha, ine ndilowe ngati thumba la makala?"

Chapatali, besi inayamba kugunda.

Kuseri kwa mpanda kunali mneba wawo akuanula zovala. Mayi ameneyu amagwira ntchito kuchipatala, kuphunzitsa anthu ovulala kuyendanso ndi kuwayeza njinga zowakwana. Aliyense m'deramo amangowatcha Alangizi. Anabwera beseni lili m'manja.

"Pepani, mpandawu ndi wopyapyala. Ndamva zonse." Anakoka kampando n'kukhala moyang'anizana ndi Kawayilesi. "Iwe ukufuna chiyani?"

"Akufuna..." bambo anayamba.

"Aneba, ndafunsa mwiniwake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

"Ndikufuna kulowa pa khomo limene aliyense akulowera," anatero Kawayilesi. "Ndikhale ndi anzanga. Ndione zala za mayi wa besi uja."

"Palibe chachilendo pamenepo. Malo a anthu onse ndi a anthu onse. Njinga iyi si katundu, ndi miyendo yako. Koma munalakwitsa tsiku ndiponso munthu. Loweruka pa geti pamakhala phokoso, ndipo mlonda alibe mphamvu yosintha chimene sanalembe. Mupite pakati pa sabata, mukaone woyang'anira holo. Musakapemphe chisoni. Mukayende njira yonse: geti, khomo, pokhala, chimbudzi, ndi potulukira zinthu zikavuta. Pamene njinga yakakamira, mukam'sonyeze pomwepo."

"Adzatimvera anthu ngati ife?" anafunsa amayi.

"Ambiri sakana chifukwa cha nkhanza. Amakana chifukwa sanaganizepo. Ine ndiperekeza, koma woyankhula ndi uyu."

Bambo anaseka mopanda chimwemwe. "Ndiye ine ndikakhala chiyani?"

"Mukakhala bambo. Ntchito imeneyo palibe akukulandani."

Lachitatu m'mawa anapita atatu. Mu holo munali zii, mipando itasanjikizidwa kukhoma, fumbi likuvina lokha m'kuwala kwa mawindo. Ofesi ya woyang'anira inali kumbali, yosafuna masitepe. Mkuluyo anawalandira bwino, koma maso ake anali pa bambo.

"Ndiye mwanayu akufuna chiyani?"

Bambo anatsegula pakamwa, n'kuona Alangizi akuwayang'ana, n'kutsekanso.

"Ndikufuna kumvera nyimbo Loweruka, bwana," anatero Kawayilesi. "Alonda anu anati njinga yanga ikhale panja."

Mkuluyo anatsitsa maso n'kumupeza. "Aa, chikwangwani chija. Ndinalembetsa ndine. Chaka china anthu anaunjika njinga m'kanjira, magetsi atathima anapondana potuluka. Sindifuna kudzaonanso zimenezo."

"Chifukwa chake n'chomveka. Nanenso sindifuna kupondedwa. Koma iwo njinga akaisiya panja amalowa ndi miyendo. Ine ndikaisiya ndilowa ndi chiyani?"

Mkuluyo anaganiza pang'ono, kenako nkhope yake inawala ngati munthu amene wapeza mpata wochita zabwino.

"Zosavuta. Ubwere molawirira, ulowere khomo lakuseri. Tikuika pambali pa siteji, ulere, osagula tikiti. Wolengeza akutchula, anthu akuombere m'manja."

"Andiombere m'manja ndachita chiyani?"

"Chifukwa cha... kulimba mtima."

"Bwana, tikiti ndigula ngati wina aliyense. Anthu adzaonere oimba, osati ine. Koma khomo lakuserilo ndilione."

Anazungulira kuseri. Kumeneko kunalinso masitepe, koma pamwamba pake panagona chithabwa chachikulu, chachitali, chokhomedwa bwino, m'mbali muli timatabwa totchinga.

"Ichi n'chachiyani?" anafunsa Kawayilesi.

"Pokwezera masipika. Ndi olemera, ali ndi timateyala pansi. Kuwanyamula angagwe."

"Chakhalapo nthawi yaitali?"

"Kuyambira ndisanabwere."

"Ndiye kuti masipika ali ndi njira yawo," anatero mtsikanayo pang'onopang'ono, "koma ine mukuti andinyamule."

Bambo anayang'ana kumwamba kuti asaseke. Woyang'anira anavula magalasi, n'kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Iwe mwana, pakamwa pako pali lumo."

"N'kwa bambo ake," anatero Alangizi. "Ndi ometa."

Mkuluyo anaseka, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zinafewa. Anaitana osesa awiri, nanyamula chithabwacho kupita nacho ku khomo lakutsogolo. Bambo anagwira zogwirira za njinga kuti akankhe.

"Musiyeni ayese yekha," anatero Alangizi. "Njira yofuna munthu wokankha ndi msana womwe uja, wangosintha dzina."

Kawayilesi anakwera yekha mpaka pamwamba, koma pamapeto mateyala aang'ono akutsogolo anakakamira pa mlomo wa chitseko. Woyang'anira anagwada, suti ndi suti, n'kuyeza ndi chala. Anati kalipentala apala pamenepo, ndipo apanganso chithabwa china kuti masipika asadandaule. Chitseko cha chimbudzi chinali chotsekukira mkati, moti njinga ikalowa sichinkatsekeka. Anagwirizana zotembenuza mahinjesi.

Za pokhala zinatenga nthawi. Mkuluyo ankafuna kumuika kumbuyo, pafupi ndi khomo.

"Nyimbo ikakoma anthu amaimirira," anatero Kawayilesi. "Ndidzangoona misana ndi malamba."

"Kutsogolo ndiye."

"Pafupi ndi masipika? Miyendo siyenda kale, mukufuna ndisiyenso makutu?"

Anayendayenda mu holo yopanda anthuyo mpaka anapeza malo: kumapeto kwa mzere wina wa chakutsogolo, mbali imene woimba besi amaima, pafupi ndi khomo lam'mbali. Kuchotsapo mpando umodzi kunali kokwanira. Kanjira kanatsala kotseguka.

"Muchotse ingapo," anatero Alangizi. "M'tauni muno sali yekha. Enawo anasiya kubwera kalekale, n'chifukwa chake simuwaona."

Loweruka lotsatira mzere unali wautali. Mlonda anali yemwe uja, ndodo yomwe ija. Pansi pa chikwangwani panali mawu atsopano, utoto usanaume bwino: NJINGA YA MUNTHU WAULUMALI NDI MIYENDO YAKE. Mlonda anawerenga mokweza, mwina kuti amve yekha, kenako anapatuka.

"Lowani, achemwali. Miyendo sasiya pa geti."

"Lero simukuona kuti ili ndi masipoko?" anafunsa Kawayilesi.

"Ndakuuzani kale, ine ndimangowerenga." Anatsitsa mawu. "Koma tsiku lija ndinagona nazo mumtima. Amayi anga ali pa njinga ngati yomweyi. Ankaimba kwaya. Ndiwauza kuti abwere."

Kumbuyo kwa Kawayilesi kunabwera mkulu wina wa ndodo ziwiri, ndi mayi wokankha kangolo ka mwana. Onse anadzera pa chithabwa. Ngakhale ena a miyendo yabwinobwino anadzera pomwepo, poti munthu sakana njira yofewa.

Anzake anali atamusungira malo, akukangana kuti akhale pafupi naye ndani. Oimba atakwera, mayi wa besi anaima pomwe anayembekezera. Nyimbo ija itafika, Kawayilesi anasiya kuimba, koyamba m'moyo wake, n'kumangoyang'ana. Chinsinsi chinali chaching'ono: mayiyo sankathamangitsa dzanja m'munsi ndi m'mwamba monga iye ankachitira. Ankangotambasula kachala kakang'ono. Kawayilesi anayeserera pa chitsulo cha njinga yake, n'kumwetulira.

Kenako anamva njinga ikugwedezeka pang'ono. Anatembenuka. Bambo anali ataima kumbuyo kwake, manja ali pa zogwirira monga mwa masiku onse, koma mapazi awo, amene anaphunzira kuvina pansi pomwepa asanakwatire, anali atayamba okha.

"Bambo."

"Ukufuna kutuluka?"

"Ayi. Ndamanga buleki, sindithawa. Siyani njingayo. Manjawo ndi anu."

Bambo anayang'ana manja awo ngati zinthu zimene wina wawabwezera atazibwereka zaka zambiri. Anawachotsa pa zogwirira, limodzi kenako linalo. Ndipo anayamba kuomba m'manja.

Phunziro la nkhaniyi ndi losavuta. Njinga ya munthu waulumali ndi miyendo yake: musam'lekanitse nayo, ndipo musam'nyamule iye asanavomere. Yankhulani ndi mwiniwake, osati womukankha. Makolo, malo akakana mwana wanu musangobwerera kukam'tsekera m'nyumba. Pitani tsiku la phee, kaonaneni ndi amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu, yendani njira yonse pamodzi, ndipo mwanayo adziyankhulire. Inu oyang'anira malo a zisangalalo, musadikire kuti wina abwezedwe pa geti. Ngati masipika munawapezera njira, anthunso mungathe kuwapezera.